Mipando Iwiri Yofulatirana

Achimwene anga ndi loya wa nkhani za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Ofesi yawo ili pamwamba pa shopu yanga ya utelala, moti aliyense wowafuna amayamba wasuzumira pakhomo panga n'kufunsa ngati makwerero awa ndi opita kwa a Ndime. Ine ndimangoloza ndi sizasi. Ndaloza anthu ambiri, mpaka pano vuto la munthu ndimalidziwa asanatsegule pakamwa. Amene chilolezo chake chokhalira m'dziko chatha amayenda m'mbali mwa khoma ngati kukugwa mvula. Amene akufuna kuitanitsa mkazi wake kunja amafungatira envelopu ya zithunzi. Akabwera awiri atagwirana manja molimba, akuitanana maina a chikondi pamakwerero, ndimadziwa kuti adziwana mwezi wathawu.

Dzina loti Ndime analitenga ali mwana. Bambo athu anali okonza mawotchi, munthu wokhala tsiku lonse ali duu, kagalasi kali padiso, ndipo mawu onse amene iwo anasunga anakatulukira mwa mwana wawo wamwamuna. Achimwene ankaloweza chilichonse cholembedwa: timalemba ta kuseli kwa tikiti ya basi, chenjezo la pabotolo la mankhwala a chifuwa, malamulo a sukulu opachikidwa pakhomo la ahedi. Mpira sankautha, koma pabwalo sankasowa. Anzawo akangoyambana, iwo ankalowa pakati chala chili m'mwamba: "Ndime yachitatu ikuti mpira ukagunda mtengo uja watuluka." Buku lokhala ndi ndime imeneyo panalibe analionapo. Anamenyedwa kangapo, koma dzina linawakakamira.

Kunyumba nako zinali chimodzimodzi. Mayi akati ana atsuke mbale, achimwene ankafunsa kaye kuti mawu oti ana akutanthauza ndani kwenikweni, ndipo pofika poti nkhaniyo yatha, ine ndinali nditatsuka kale. Ndinganene kuti maphunziro awo a zamalamulo ndinayamba kuwavutikira iwo asanawayambe n'komwe.

Mayeso a kusekondale anakhoza bwino, koma osati bwino mokwanira kulowa sukulu ya zamalamulo ya kuno. Anawapatsa malo oti akaphunzire uphunzitsi. Anakana, nati iwo sanabadwire kulankhula ndi ana. Anakhala pakhomo chaka chathunthu akutsutsana ndi wailesi, mpaka malo anapezeka payunivesite ina ya dziko loyandikana nafe. Tsiku lonyamuka bambo anawapatsa wotchi yomwe mwiniwake sanabwere kudzaitenga, mayi analira, ine ndinawasokera buluku la thumba lobisika m'kati loikamo pasipoti.

Ankatiuza kuti akuphunzira za milandu ikuluikulu. Maloto awo anali oti adzaime m'khoti atavala mkanjo wakuda, adzalankhule mpaka woweruza avule magalasi. Koma sukulu yeniyeni anaipeza pamzere. Wophunzira aliyense wochokera kunja ankayenera kukonzetsa chilolezo chake chaka ndi chaka, ndipo mzere wake unkayambira pawindo, kutuluka pakhomo, n'kukakhota pakona. Windolo linkatsekedwa nthawi imene mwini windo watopa. Anthu ena pamzere wotere amagona chiimire, ena amatukwana chamumtima. Achimwene ankawerenga zidziwitso zomata pakhoma. Pofika chaka chachiwiri anali atayamba kulangiza anzawo a pamzere, chala chili m'mwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anthu sankawamenya. Ankawasungira malo.

Moyang'anizana ndi ofesi imeneyo munali kachipinda kojambuliramo zithunzi za paziphaso, ndipo wojambula wake anali mtsikana wokonda kuvala diresi lachikasu. Achimwene atakhala pampando kutsogolo kwa nsalu yoyera, anayamba kumufotokozera kukula kwa chithunzi kumene lamulo limafuna. Mtsikanayo anasuzumira mu kamera nati, "Tsekani pakamwa." Anatseka. Ife a m'banja tinayesa zaka zonse osatha. Kuyambira pamenepo achimwene ankafuna zithunzi zambiri kuposa zimene munthu wa nkhope imodzi angafune. Kuseli kwa nsalu yoyera ija kunali kambaula, ndipo makasitomala akasowa ankamwa tiyi awiriwo, aliyense masupuni awiri a shuga.

Anabwera ndi digiri, ndi mkazi, wojambula uja. Mayi athu atamuona mkaziyo ndi chilankhulo chake chokhotakhota, anandinong'oneza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame amenewo ndi amene anadzawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa m'matenda awo omaliza. Chilankhulo chathu alamu anachiphunzirira mu shopu yanga, ndipo lero akakwiya amatha kundiposa ine.

Ntchito yoyamba achimwene anaipeza kukampani yaikulu ya maloya, ya makapeti pansi. Kwa nthawi yaitali ankangonyamula mafayilo a akuluakulu. Atawapatsa mlandu wawowawo, ndinawasokera mkanjo ndi manja angawa, nsalu yolemera, mapindo owongoka. Mlanduwo unali wa munthu woganiziridwa kuti anaba matayala a galimoto. Achimwene analankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linafika paliwombo, ndime pamwamba pa ndime, mpaka wozengedwa mlanduyo anakweza mkono n'kupempha woweruza kuti angomumanga, chifukwa anamva kuti kundende kuli pokhala. Bwana wa kampani sanawachotse ntchito. Anangowasamutsira kukachipinda ka kumbuyo, pafupi ndi chimbudzi, kumene ankataya nkhani za ziphaso ndi zilolezo zomwe maloya enawo ankaziona ngati zonyozeka. Nkhani zimenezi sizifuna mkanjo. Mkanjo wanga uja uli kuseli kwa chitseko mpaka lero, ndipo ndimaukuntha fumbi ndikakumbukira.

M'kachipinda kameneko ndi mmene achimwene anadzipeza. Kumeneko kunalibe woweruza wotopa, kunali anthu amantha amene amafuna munthu wodziwa ndime iliyonse, ndipo akamalankhula kwambiri iwo mitima imakhala pansi. Mbiri inafala. Mzere wa kukachipinda kaja utayamba kudetsa makapeti, anachokako n'kutsegula ofesi yawo pamwamba pa shopu yanga, mumsewu womwewo mmene muli ofesi ya boma yopereka zilolezo.

Chimene chinawatchukitsa ndi nkhani za maukwati. Mlendo akakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika, n'kupempha kuti akhazikike, a boma amafuna kutsimikiza kuti ukwatiwo si wongogula. Amawaitana awiriwo, kuwalowetsa mmodzimmodzi, n'kuwafunsa mafunso ofanana. Mswachi wa mkazi wanu ndi wa mtundu wanji? Amuna anu amadzuka nthawi yanji? Munadya chiyani dzulo? Mayankho akafanana, chidindo. Akasiyana, mlendoyo amapatsidwa kanthawi kochepa kolongedzera katundu. Achimwene anazindikira msanga chinthu chimene chinawadyetsa moyo wawo wonse: olephera ambiri anali a mabanja enieni. A ukwati wabodza amawerenga. A ukwati weniweni amangobwera ndi ana ndi chidaliro, mwamuna n'kukanena kuti makatani a kuchipinda ndi ofiira pamene kuchipindako kulibe makatani.

Ndiye anagula mipando iwiri n'kuiika pakati pa ofesi mofulatirana, msana ndi msana, kuti wina asaone nkhope ya mnzake. Patebulo anamangirirapo belu la njinga. Amafunsa funso, mwamuna amanong'oneza yankho, mkazi amanena lake mokweza, ndipo akasiyana belu limalira. Amabwereza mpaka belulo litonthole. Ine pansi ndimamva zonse, chifukwa denga langa ndi matabwa. Belu likangolira kamodzikamodzi, ndimapitiriza kusoka. Likamalira ngati njinga yopanda mabuleki pamsika, ndimadziwa kuti pamwambapo pali banja la ana akuluakulu.

"Chikondi sichilowa mu fayilo," amatero achimwene. "Wofunsa uja sangachidinde. Chimene angadinde ndi mtundu wa mswachi." Ndipo azibambo amawakalipira mosawaonera nkhope: "Bambo, mwakhala ndi munthu zaka zonsezi osadziwa kuti amavala nsapato ya sayizi yanji? Manyazi mulibe?" Azimayi amatsika makwerero akumwetulira, n'kuima pakhomo panga kundiuza kuti mkazi wa a Ndime anachita mwayi.

Ndisawaipitse achimwene anga. Samwa, sayendayenda, sanakwezepo mkono pa munthu. Alamu atayamba kudwaladwala, anawatengera kuchipatala chabwino pagalimoto yawo, ngakhale kuti iwo anatsala m'galimotomo akulankhula pafoni ndi kasitomala wogwidwa pabwalo la ndege. M'kati dokotala anawauza alamu kuti ali ndi matenda a shuga. Amene anamva ndine, chifukwa ndine ndinalowa nawo. Chaka china malungo aakulu anawasiya alamu ndi khutu lakumanzere lotseka. Zonsezi anawauza amuna awo, koma anawauza ali pakati pofotokoza ndime ina, ndipo yankho linali lakuti, "Chabwino, chabwino, mayi, tiona." Mafoni ojambula atafala, alamu anagulitsa kamera yawo n'kuyamba kudzala maluwa ogulitsa m'zitini kuseli kwa nyumba. Achimwene amaganiza kuti maluwawo amamera okha.

Madzulo aliwonse amafika kunyumba nthawi yake, kuvula nsapato, kukhala pa sofa kumanzere kwa akazi awo, n'kuyamba kufotokoza milandu ya tsikulo. Alamu amaluka, akugwedeza mutu apa ndi apo. "Ndinapeza mkazi wodziwa kumvetsera," amadzitama achimwene kwa anzawo. "Sandidula mawu."

Chilolezo cha alamu chinali cha mtundu wokonzetsa pakapita zaka zingapo. Kuti akhale nacho chosatha, pankangofunika kuti achimwene akhale pansi masana amodzi okha n'kuchita zimene amachitira anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku. Fayilo yake inali mu dirowa yapansi. Alamu akakumbutsa, yankho linali lakuti mawa, nkhani ya m'nyumba siithawa. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu. Tsiku lina alamu anapita kubanki kukasinthitsa khadi, ndipo mtsikana wa pawindo anawabwezera pasipoti akuloza deti ndi cholembera. Chilolezo chinali chitatha kalekale.

Sanadikire kuti amuna awo afike kunyumba. Anabwera ku ofesi, kundipatsa moni, kukwera makwerero, n'kukhala pabenchi pakati pa makasitomala, chikwama chili pamiyendo. Anadikira mpaka nthawi yawo itakwana. Ine ndinali nditawatsatira ndi tepi yanga m'khosi, chifukwa nkhani ngati iyi siyodikira kuti uchite kuuzidwa.

"Wotsatira," anaitana achimwene, maso ali pa mapepala. Atadzutsa mutu anadzidzimuka. "Mayi, kwagwanji? Kunyumba kuli bwino?"

"Ndabwera ngati kasitomala, bambo. Ndakhala pamzere ngati anzanga."

Anaika pasipoti patebulo, itatsegulidwa. Aka kanali koyamba kuona achimwene akuwerenga chinthu kawiri. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso.

"Iyi ndi nkhani yaing'ono," anatero.

"Lamulo latsopano lija munkaliyamikira pa wailesi likuti chiyani?" anafunsa alamu.

"Likuti chilolezo chikatha nthawi yaitali chonchi, munthu ayambirenso pachiyambi. Ndi mafunso omwe."

"Nanga tikalephera mafunsowo?"

Achimwene anatseka pasipoti ija. Yankho lake tonse atatu tinkalidziwa. Kwawo kwa alamu kunalibenso kwawo. Makolo anamwalira, nyumba inagulitsidwa, kachipinda kojambuliramo kaja anakagwetsa. Ana awo, manda a apongozi awo, dokotala wodziwa matenda awo, zonse zinali kuno.

Alamu analoza mipando ija. "Ndiye tikhale apa, tiyeserere."

Achimwene anaseka, kuseka kwa munthu amene mantha angomuchoka chifukwa wakumbukira kuti ndi katswiri. "Ife? Mipando iyi ndi ya anthu osadziwana, mayi. Ine ndingakujambuleni nditatsinzina. Inu mukangoyankha zoona, basi. Zoona sizifuna kuloweza." Kenako anayang'ana kukhomo n'kuitana wotsatira.

Mawa lake masana alamu anabwera mu shopu yanga, kukhala pakampando koyesera makasitomala, n'kunditembenuzira khutu lakumanja.

"Alamu," anatero kwa ine, "mafunso a pamwambapa mumawamva tsiku ndi tsiku. Ndifunseni."

Mafunsowo ndimawadziwa ngati nyimbo. Ndinayamba makina akuyenda. "Tiyi mumamwa ndi shuga wochuluka bwanji?"

"Masupuni awiri."

Ndinaimitsa makina. "Inu? Shuga munasiya mwana wanu wamkulu asanapite ku koleji."

"Kumeneko sakafuna kudziwa za tiyi wanga," anayankha. "Akafuna kuona ngati pakamwa panga ndi pa achimwene anu patuluke mawu amodzi. Funsani lina."

"Mumakonda mtundu wanji wa zovala?"

"Wachikasu."

Madiresi awo onse ndimasoka ndine, ndipo nsalu yachikasu sindinaidulepo kuchokera pamene anabereka mwana woyamba. Amati imawaonetsa ngati odwala. Ndinapitiriza.

"Masana mumachita chiyani?"

"Ndimajambula anthu."

"Muli ndi matenda alionse?"

"Palibe. Ndine wathanzi ngati ng'ombe." Anatengera ngakhale mawu a achimwene, ndi kachala komwe.

"Mnzanu wapamtima ndani?"

"Mayi wa pasaluni uja."

Apa zinandiwawa, sindibisa. Mayi wa pasaluni anali mnzawo m'zaka zoyamba, ndipo anayambana kalekale moti akakumana pamsewu aliyense amayang'ana kwake. Ine ndinkayembekeza kumva dzina langa. Ndinaponya sizasi patebulo.

"Uku ndi kunamiza boma, alamu. Akakugwirani?"

"Ndikanena zoona ndikwera basi."

"Bwanji osangowakhazika pansi achimwene n'kuwauza zonsezi? Nthawi ilipo. Ngati mukuopa ndikwera ndine, ndikawaimbire belu lawolo m'khutu."

Anapukusa mutu. "Ndinawauza kale, nthawi yomwe zinkachitika. Ndikawauza lero, asakaniza zakale ndi zatsopano, akayamba kukayika pamaso pa wofunsa, kenako akayamba kufotokoza. Mukudziwa zimene zimachitika akayamba kufotokoza. Zakalezo anaziloweza bwino, sizisuntha. Asiyeni akhale ndi mkazi amene amamudziwa. Mtsikanayo ine ndikumukumbukira, ndimuyankhira."

Anazinena mopanda mkwiyo, ndipo n'chimene chinandikwiyitsa ine. Pamwamba belu linkalira, ndipo mawu a achimwene ankamveka bwinobwino akufunsa bambo wina ngati manyazi alibe. Ndinatsekera shopu m'kati. Masana onse amenewo, ndi ena otsatira, tinawerenga mayeso achilendo: osati za moyo wa alamu, koma za zimene amuna awo amaganiza kuti ndi moyo wawo. Pena ankaima, kutsinzina, n'kufunsa okha kuti kodi chinthu chakutichakuti achimwene anatsalira pati. Nsapato anatsalira pa sayizi ya miyendo isanayambe kutupa. Nyimbo yokonda anatsalira pa ya paukwati. Mswachi wokha ndi umene sanavutike nawo, chifukwa umenewo achimwene amausuzumira dala m'mawa uliwonse kuti akhale ndi chitsanzo chopereka ku ofesi.

Tsiku la mafunso ndinapita nawo. Tinakhala pabenchi m'khonde la ofesi ya boma, pansi pa fani yosazungulira. Wofunsa anali mayi wachitsikana wa nkhope yosasekerera, yemwe achimwene anamukonzapo pagulu kuti wawerenga ndime molakwika. Anatipatsa moni waulemu wochititsa mantha. Achimwene analowa poyamba, ndipo sanachedwe. Anatuluka akutikita manja, mlonda n'kuwatengera kubenchi ya kutali kuti asalankhulane ndi akazi awo. Kuchokera kumeneko anandikwezera chala chachikulu.

Alamu analowa, ndipo anachedwa. Zimene zinachitika m'katimo anandiuza pambuyo pake. Mafunso anayenda monga tinawerengera: shuga, chikasu, saluni, kamera. Wofunsa ankayang'ana pepala la mayankho a achimwene n'kumachonga, osaonetsa kanthu pankhope. Kenako anatsamira kumbuyo n'kufunsa funso limene silinamvekepo pamwamba pa shopu yanga.

"Mayi, chimene mumaopa kwambiri n'chiyani?"

Alamu akuti yankho loona linafika lokha pamilomo. Ankaopa chipinda chomwecho. Ankaopa basi, ndi kukafera pakati pa anthu osadziwa dzina lawo, ana awo ali kutali. Analimeza. Anatsinzina n'kuyamba kufufuza, osati mumtima mwawo koma m'mutu mwa amuna awo. Anapeza kanyumba ka lendi komwe anayambiramo banja, ndi tsiku limene khoswe anagwa kuchokera kudenga iwo n'kukwera patebulo, nkhani yomwe achimwene amaikamba paukwati uliwonse akapatsidwa mwayi wolankhula.

"Makoswe," anatero.

Wofunsa anayang'ana pepala, ndipo kwa nthawi yoyamba milomo yake inagwedera. "Amuna anu afotokozanso za tebulo," anatero.

Anawaitana onse awiri, ine ndili pakhomo. "A Ndime, ndafunsa mabanja ambiri, ena ochokera kwa inu komwe. Ofanana chonchi sindinawaonepo. Akanakhala ena ndikanati aloweza." Anapumira pachidindo n'kudinda.

Achimwene anatsika masitepe a ofesiyo ngati atuluka m'khoti lija ankalota ali mnyamata. Mlonda anauzidwa. Wogulitsa maenvelopu pageti anauzidwa. "Osayeserera ngakhale kamodzi," ankatero. "Iwe, wamva? Funso lililonse." Anati tisapite kunyumba choncho, tilowe kaye mu lesitilanti ya pakona. Anasankha tebulo la pawindo, kukokera akazi awo mpando, iwo n'kukhala kumanzere kwawo monga mwa masiku onse. Ine ndinakhala moyang'anizana nawo.

Tiyi atabwera, achimwene anakana kuti wina aliyense agwire supuni. "Lero ndikutumikirani ndine, mayi." Anatunga shuga, supuni yodzaza, n'kuthira m'kapu ya alamu. Anatunganso yachiwiri. Anatakasa mosamala, kugogoda supuni m'mphepete mwa kapu, n'kuwakankhira kapuyo ndi manja awiri.

Alamu anaiyang'ana kapuyo kwa kanthawi. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma anandiponda phazi pansi pa tebulo. Anaikankha kapuyo pang'onopang'ono kubwerera kwa amuna awo.

"Imwani ndinu, bambo. Ine dokotala anandiletsa shuga."

"Liti?"

"Tsiku lija munatsala m'galimoto."

Achimwene anaseka pang'ono, akuyang'ana ine kuti ndiseke nawo. Sindinaseke. "Koma mwamuuza wofunsa uja kuti masupuni awiri," anatero. "Mayankho athu afanana."

"Ndayankha zimene ndimadziwa kuti muyankha."

Munthu wa mutu wakuthwa safuna kuuzidwa kawiri, akangomva. Ndinaona nkhope yawo ikubwerera m'chipinda chija, funso ndi funso. Anayang'ana diresi la alamu, lobiriwira, lomwe ndinasoka ine. Anayang'ana manja awo okhala ndi dothi la maluwa m'zikhadabo.

"Kamera?" anafunsa motsitsa.

"Ndinagulitsa."

"Mayi wa pasaluni?"

"Sitilankhulana."

"Nanga makoswe?"

"Ndimapha ndekha, bambo. Mukamapita kuntchito m'mawa msampha ndimakhala nditachotsa kale."

Sananene mokalipa. Anangoyankha ngati mmene amayankhira makasitomala abwino, kenako anaitanitsa tiyi wina wopanda kanthu n'kutembenukira kuwindo, kuyang'ana anthu odutsa. Achimwene anayang'ana kapu ija ili patsogolo pawo. Chala chija chinali chitagona patebulo. Ndinawamvera chisoni, ngakhale ndinali nditakonzeka kusangalala. Munthu amene anaphunzitsa theka la tauni kudziwa akazi awo anali atangopambana mayeso a mtsikana amene kulibenso.

Kenako anaweramira kwa akazi awo, pafupi ndi khutu, n'kunena mawu amene sindinawamvepo kuchokera pakamwa pawo kuyambira tili ana.

"Pepani, mayi. Ndalakwa."

Alamu anapitiriza kuyang'ana pamsewu. Nkhope yawo sinasinthe. Achimwene anadikira, ndipo ndinaona akuyamba kukhulupirira kuti awakanira.

"Achimwene," ndinatero, "nyamulani mpando, zungulirani mbali inayo."

Anandiyang'ana mosokonezeka. "Chifukwa chiyani?"

Alamu anaona milomo yanga ikuyenda, anatembenuka n'kuzindikira zimene zachitika. Anagwira khutu lawo lakumanzere ndi chala.

"Ili linatseka kalekale, bambo," anatero. Anatembenuza mutu wonse, kuwapatsa khutu labwino. "Mumati chiyani?"